Kodi Nesi Wabwino Ayenera Kulira Nafe?

Mukayambitsa nkhani ya ku cipatala m'minibasi yocokera ku Lilayi kupita m'tauni, mudzaona kuti aliyense ali ndi mawu ake. Wina adzati manesi a masiku ano alibe cifundo. Wina adzati anaona nesi akumwa tiyi pamene m'wodi muli maliro. Wina, amene mwina mlongo wake ndi nesi, adzangoyang'ana pawindo osanena kanthu. Nkhani imeneyi ndi yathu ndithu, cifukwa m'magulu athu a acinyamata muli anyamata ndi atsikana ambiri amene akufuna kukaphunzira unesi, ndipo enafe tidzapezeka tsiku lina tili pabedi kapena tikulindirira m'bale wathu wodwala.

N'cifukwa cake ndafuna kuti tione pamodzi buku lina la m'Cingelezi limene mutu wake wokha umakwiyitsa anthu. Dzina lake ndi Against Empathy, ndipo linatuluka mu 2016. Analemba ndi a Paul Bloom, katswiri wa maphunziro a maganizo a munthu, wobadwira ku Canada, amene pa nthawiyo anali kuphunzitsa pa yunivesite ya Yale ku America. Bukuli silinalembedwere manesi okha, koma funso limene likufunsa ndi lomwe lija la m'minibasi: kodi munthu wothandiza anzake ayenera kumva ululu wawo mumtima mwake?

Zimene bukuli likunena

A Bloom akusiyanitsa zinthu ziwiri. Coyamba ndi cimene Azungu amati empathy, ndiko kumva mwa iwe mwini cimene ukuganiza kuti mnzako akumva. Iye akacita mantha, nawenso mtima ugunda. Iye akalira, nawenso misozi ilengeza. Pano ndidzakuchula kuti kumvera limodzi. Caciwiri ndi kufunira mnzako zabwino ndi kumthandiza mwanzeru ngakhale kuti ululu wake sunakulowe m'thupi. Ici ndidzacichula kuti cifundo. A Bloom sakudana ndi cifundo ai. Cimene akutsutsa ndi kumvera limodzi, ndipo akuti kuli ngati tochi: kumaunikira malo amodzi kwambiri, kwina konse n'kusiya mdima.

Milandu imene akupereka ndi itatu. Woyamba ndi wakuti kumvera limodzi kumakondera: timamva msanga ululu wa munthu wofanana nafe, wa mtundu wathu kapena wooneka bwino. Waciwiri ndi wakuti sikudziwa kuwerenga: mwana mmodzi amene tamuona nkhope amatigwira mtima koposa ana zana amene tangowamvera m'nkhani. Wacitatu ndi wakuti kumatopetsa munthu mpaka amayamba kuthawa odwala amene anafuna kuwathandiza.

Pa mlandu woyamba ndi waciwiri akupereka citsanzo ca kafukufuku wa a Daniel Batson wa mu 1995. Anthu anauzidwa za mtsikana wa zaka 10 wodwala matenda oopsa, amene anali pamzere woyembekeza thandizo. Ena anapemphedwa kuti adziyese okha ngati ali m'malo mwa mwanayo, ena anapemphedwa kungomvetsera modekha. Kenaka onse anapatsidwa mpata wakuti amkweze mtsikanayo patsogolo pa ana ena amene anali odwala kwambiri kapena amene anayembekeza nthawi yaitali. Mwa aja anamvera naye limodzi, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anamdumphitsa mzere. Mwa enawo, anali ngati mmodzi mwa atatu. Mtima wabwino unawacititsa cinthu cosalungama.

Pamene a Bloom alasa

Inu amene mukhala muno mu Lusaka simufunika kupita ku Yale kuti muone zimenezi. Taganizani za mzere wa pa kiliniki. Nesi wa mumpingo mwathu akaona amayi a busa kapena mkulu wa mpingo pabenchi, nawaitanira mkati msanga, ife timati, "Asisita aja ndi acifundo." Koma pabenchi pomwepo pali gogo wa ku komboni amene anafika mbandakuca, wosadziwana ndi aliyense, wosatha ngakhale kudandaula m'Cingelezi. Cifundo cimene anaona amayi a busa calipiridwa ndi gogo uja. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mnzako wa m'mwambiwu si yekhayo amene mumapemphera naye. Malamulo a makhalidwe a manesi a bungwe la International Council of Nurses, amene anakhazikitsidwa mu 1953 ndi kukonzedwanso mu 2021, amaletsa kusankha odwala poyang'ana mtundu, cipembedzo, msinkhu kapena cuma. Malamulo otere analembedwa cifukwa mtima wa munthu, ukasiyidwa wokha, umasankha.

Citsanzo cina ndi ca kolera. Mukumbukira mliri umene unayamba mu October 2023, pamene bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala mu January 2024, masukulu nacedwa kutsegulidwa mpaka mu February, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Pa malo otere nesi amalandira ana awiri nthawi imodzi. Wina akulira mokweza, akuvutavuta, akulanda kapu ya madzi. Wina ali cete, maso alowa mkati, sakutha kumwa, ndipo ukatsina khungu la pamimba limacedwa kubwerera. Mtima wa aliyense wa ife uthamangira wolirayo. Koma nesi wophunzira adziwa kuti mwana amene akali ndi mphamvu yolira ndi kumwa angathandizidwe ndi madzi a mcere ndi shuga, pamene waceteyo afunika diripi nthawi yomweyo, apo ai angamwalire pa maola owerengeka. Amayi a mwana wolirayo angapite kunyumba akunena kuti nesi uja ndi wouma mtima. Komabe ndiye amene wapulumutsa ana onse awiri. Kolera ikathandizidwa bwino ndi msanga, omwalira safika ngakhale mmodzi pa odwala 100, ndipo cimene cimatsitsa ciwerengeroco ndi kusankha kotereku.

Pa nkhani ya kutopa, a Bloom akuchula nchito ya a Tania Singer ndi anzawo ku Leipzig m'dziko la Germany. Iwo anapeza kuti anthu ophunzitsidwa kumva ululu wa ena mwa iwo okha anali kuvutika mumtima, pamene ophunzitsidwa kufunira ena zabwino mwacikondi anali kukhala ndi mphamvu yopitiriza. Manesi anazidziwa kale zimenezi. Mu 1992 Carla Joinson wa ku America analemba za kutopa kwa cifundo kumene kumagwira anthu osamalira odwala tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu manesi ndi ocepa poyerekeza ndi odwala, ndipo ndico cifukwa cake boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022. Tsono nesi amene ali ndi wodi yodzaza usiku wonse, akati alire maliro alionse monga alira mwini wake, adzaupeza bwanji mtsempha wa wodwala wotsatira manja akunjenjemera? A Bloom akusimba za amalume awo amene anadwala khansa, kuti anali kukonda madotolo odekha pamene iwo ali ndi nkhawa. Munthu womira m'madzi safuna mnzake womira naye.

Mpaka pano bukuli likutidzudzula ife amene timayeza nesi ndi misozi, ndipo cidzudzuloco ciyenera kulandiridwa.

Pamene bukuli laperewera

Koma sindingakuuzeni kuti mulimeze lonse. M'Cinyanja cathu liwu lakuti kumva limagwira nchito zitatu. Timamva mawu ndi khutu, timamva ululu m'thupi, ndiponso timamva tanthauzo la nkhani. Tikati mwana uyu samva, sitikunena za makutu ake. A Bloom amadula zinthu zimenezi ndi mpeni, kuika kuzindikira mbali ina ndi kugwidwa mtima mbali ina. Iwo amavomera kuti kuzindikira maganizo a mnzako n'kothandiza, koma akuti ndi cipangizo cabe, cimene ngakhale munthu wacinyengo amagwiritsa nchito. Pa pepala mpeniwo udula bwino. Pambali pa bedi la wodwala sudula bwino cotero.

Taganizani za bambo wacikulire amene sangathe kudzisambitsa, ndipo womsambitsa ndi nesi wa msinkhu wa mdzukulu wake. Palibe makina opima manyazi. Nesi amene adziwa kuwawa kwa manyazi amatseka katani, amafunditsa nsalu mbali imene sakusambitsa, amati, "Atate, ndikutembenuzeni pang'ono," ndipo amayang'ana kumbali pamene kuyenera. Taganizani za mtsikana wa giredi 11 amene wabwera kudzapimitsa mimba, koma pakhomo akuti mutu ndiwo ukuwawa. Nesi amene kanthu kamtsina mumtima poona m'mene mtsikanayo akufinyira citenge cake adzatseka citseko ndi kufunsanso mofatsa. Wina adzalemba panado n'kuitana wotsatira. Kugwidwa mtima pang'ono kuja ndiko kunatsegula maso a nesi woyambayo. Umboni wambiri wa m'bukuli ukucokera ku mayeso a pa yunivesite ndi ku nkhani za kuthandiza anthu akutali, ndipo pa nchito yogwira thupi la munthu ndi manja bukuli likunena zocepa.

Palinso ngozi ina. Munthu waulesi angawerenge mutu wokha wa bukuli n'kupezapo cilolezo ca nkhanza. Zimene zinacitika pa cipatala ca Stafford ku England pakati pa 2005 ndi 2009 zitiphunzitse. Lipoti la a Robert Francis la mu 2013 linaonetsa kuti odwala anali kusiyidwa m'zofunda zoipitsidwa, ena osapatsidwa madzi akumwa kapena thandizo pakudya, pamene akuluakulu a cipatala anali kuthamangitsa ziwerengero ndi kusunga ndalama. Limeneli ndi dziko lolemera, lokhala ndi mankhwala ndi makina. A Bloom angayankhe kuti cimene cinasowa kumeneko ndi cifundo, osati kumvera limodzi. Koma funso langa ndi ili: n'ciani cimadzutsa cifundo pakati pa usiku, pamene palibe wamkulu wokuona ndipo mapepala onse walemba? Kawirikawiri ndi kuja kwakuti uona milomo youma ya munthu, pakhosi pakonso n'kuuma.

Mbiri ya dziko lathu ikunenanso comweco. Pamene a Kenneth Kaunda anauza dziko mu 1987 kuti mwana wawo anamwalira ndi Edzi, matendawa analibe mankhwala owaletsa, ndipo anthu ambiri anali kuopa ngakhale kugwira kapu ya wodwala. Caka comweco cipatala ca Chikankata ca a Salvation Army, m'cigawo ca Kumwera, cinayamba kutumiza anchito ake kukasamalira odwala m'nyumba zawo, ndipo njira imeneyi inafalikira m'maiko ena. M'zaka za m'ma 1990, pafupi nafe pano ku Chilanga, panatsegulidwa Mother of Mercy Hospice yolandira odwala kwambiri. Mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2005. Zaka zonse za m'mbuyomo, nesi analibe cocizira. Cimene anali naco ndi kusambitsa zilonda, kucepetsa ululu, ndi kukhala pansi pafupi ndi munthu amene abale ake anamthawa. Mayi Cicely Saunders, amene anayamba monga nesi asanakhale dotolo, ndipo anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, anaphunzitsa kuti ululu wa munthu wotsala pang'ono kufa suli m'thupi mokha: muli mantha, nkhawa ya ana otsala, ndi mafunso a mzimu. Ululu wotere sungauthandize ngati sunalole kuti ukukhudze ngakhale pang'ono.

Mayi wa nyale analinso mayi wa masamu

Pa 12 May caka ciliconse manesi amakumbukira tsiku limene Florence Nightingale anabadwa mu 1820. Timamdziwa ndi nyale imene anali kuyenda nayo usiku pakati pa asilikali odwala ku Scutari, pa nkhondo ya ku Crimea kuyambira mu 1854. Cimene ambiri sadziwa n'cakuti mayiyu anali katswiri wa ziwerengero. Anaonetsa ndi manambala kuti asilikali ambiri anali kufa ndi matenda ocokera ku uve koposa mabala a kunkhondo. Mwa iye mtima ndi mutu sizinali kulimbana.

M'buku lake la Notes on Nursing la mu 1859 muli zinthu ziwiri zotikhudza. Akuti phunziro lalikulu la nesi ndi kupenyetsetsa wodwala, kudziwa kusintha kumene kuli kofunika ndi kumene kulibe kanthu. Ndiponso akudzudzula alendo amene amabwera kudzatopetsa wodwala ndi malonjezo opanda pake ndi malangizo ambirimbiri. Apa, anzanga, cala caloza ife. Kangati gulu lathu lafika m'wodi pa Sondo masana, anthu khumi ndi awiri kuzungulira bedi limodzi, kuimba mokweza pamene woyandikana naye wangocoka kumene ku opaleshoni? Kangati tauza munthu kuti mawa adzatuluka, pamene sitidziwa cimene dotolo wapeza? Timacoka mitima yathu itapepuka, wodwala n'kutsala wotopa. Kumenekonso ndi kumvera limodzi kosalamulirika kumene a Bloom akunena. Ndipo wina akafika pouza wodwala kuti aleke kumwa mankhwala ake cifukwa wapemphereredwa, ameneyo waika moyo wa mnzake pa ngozi, ngakhale atalira misozi yodzaza beseni.

Tsono tinene ciani?

Ciweruzo canga pa bukuli ndi ici. Ndi lolondola ponena kuti kumvera limodzi sikuyenera kukhala woweruza wa amene athandizidwe coyamba. Ndi lolondola ponena kuti nesi womira m'cisoni sathandiza munthu. Koma lapitirira malire poganiza kuti cifundo canzeru cingathe kuima cokha popanda mtima umene umatsinidwa. Kugwidwa mtima kuyenera kudzutsa nesi; akadzuka, maphunziro ake ndi cilungamo ndizo zimuuze kopita.

Fanizo la Msamariya pa Luka 10:25-37 likuonetsa dongosolo lomweli. Munthu uja anagwidwa cifundo poona wovulalayo, amene sanali wa mtundu wake. Koma sanakhale pansi kumlirira. Anatsuka mabala ndi zimene anali nazo, anawamanga, anamnyamula, anamsamalira usiku, ndipo m'mawa anamsiya m'manja mwa mwini nyumba ya alendo pamodzi ndi ndalama ndi malangizo, iye napitiriza ulendo wake. Tinganene kuti anapereka wodwala kwa wa shifiti yotsatira. Sanadziyese mpulumutsi wosatopa.

Kwa inu amene mukulembera malo ku sukulu za unesi, dziwani kuti satifiketi ndi cilolezo ca bungwe la Nursing and Midwifery Council of Zambia, limene lisanafike lamulo la mu 2019 linali kuchedwa General Nursing Council, zidzakutsegulirani citseko ca wodi, koma sizidzakuuzani m'mene mungalankhulire ndi gogo wosamva bwino. Ngati mtima wanu ndi wofewa, musaope kuti simuyenera nchitoyi, phunzirani kuuweta. Pezani mnzanu kapena mkulu wodalirika amene mungamuuze za kulemera kwa mtima wanu popanda kuulula zinsinsi za odwala. Pumulani pa tsiku lopumula. Ngati mwayamba kuchula anthu ndi nambala ya bedi kapena ndi dzina la matenda awo, dziwani kuti kanthu kena kayamba kufa mwa inu, ndipo funani thandizo msanga. Ndipo wa mumpingo mwanu akakupemphani kuti mumdumphitse mzere, mkaneni mwaulemu. Cifundo canu cidzayezedwa ndi cimene mucitira munthu amene sadzakuthokozani pa guwa.

Kwa ife olindirira odwala, kaya ndi ku Chawama, ku Chilenje kapena ku UTH, tisafulumire kuweruza nkhope. Nesi wosamwetulira amene wabwera pa nthawi yake ndi mankhwala oyenera, nasamba m'manja, nayang'ana diripi, wationetsa cifundo ceniceni. Nesi amene wamwa tiyi pambuyo pa maliro mwina akusonkhanitsa mphamvu ya odwala amene atsala. Koma cipongwe, kutukwana mayi amene ali m'cikuta, kapena kusiya munthu m'zonyansa, zimenezo si kudekha kwa nchito, ndipo tili ndi ufulu wokadandaula kwa wamkulu wa wodi mwaulemu ndi mosaopa. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe: mwambiwu ugwira wodwala ndi nesi yemwe.

Bukuli ndi la Cingelezi cosavuta kwambiri, ndipo amene anatsiriza giredi 12 angaliwerenge. Ngati mmodzi m'gulu lanu alipeza, awerengeko mutu umodzi ndi kufotokozera anzake. Mungacitenso bwino kuitana nesi wa mumpingo mwanu kuti adzakhale nanu pokambirana, ndipo tsiku limenelo mumlole alankhule koposa inu.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi munathandizidwapo msanga pa cipatala cifukwa ca kudziwana? Ndani amene anayembekeza m'malo mwanu?

2. Nesi amene ndi wa mumpingo mwanu akakana kukudumphitsani mzere, mudzamuona bwanji pa Sondo lotsatira?

3. Kodi gulu lanu likapita kukaona odwala, limafunsa wodwala ndi nesi cimene cikufunika, kapena limangocita cimene linazolowera?

4. Ndi zinthu ziti zimene gulu lanu lingacite mwezi uno pothandiza manesi a pa kiliniki ya kwanu kuti asatope okha?